Kumayiko ozizira nthaka imanyamula nyumba

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Angónia, palibe amene sadziwa zochita za chisanu. Ukalawirira kudimba umapeza udzu uli mbuu, masamba a kachewere ndi nyemba atapserera ngati wina wawathira madzi otentha, zala zikukanika kugwira mpini. Koma dzuwa likangokwera pang'ono zonsezo zatha, ndipo khasu limalowa pansi monga mwa masiku onse. Chisanu chathu, ngakhale cha ku Tsangano chimene anthu amachiopa chija, chimathera pamwamba. M'nthaka sichilowa.

Kuli mayiko ena kumene nkhani ndi ina. Ku Canada, kumpoto kwa United States, ku Norway, Sweden, Finland ndi Russia, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene ife tili kalikiliki kupalira ndi kubandira chimanga, nthaka imauma gwa ngati thanthwe. M'tauni ina yaing'ono yotchedwa Tower, m'chigawo cha Minnesota ku United States, pa 2 Febuluwale 1996 kunazizira mpaka madigiri 51 pansi pa ziro. Kumalo otere kuzizira kumalowa pansi tsiku ndi tsiku, mpaka kuya kwa mita yathunthu kapena kuposa. Ndiye mmisiri womanga kumeneko, asanaganize za denga kapena mazenera, amayamba wafunsa kuti: kodi chisanu cha kuno chimafika pati?

Khonde lonyamuka

Anthu a kumeneko amakonda kumanga khonde la matabwa kuseri kwa nyumba, lokwera pa mizati ngati nkhokwe, loti azikhalapo ndi kuwotcherapo nyama m'miyezi yochepa yofunda. Amakondanso kuwonjezera chipinda banja likakula, ndi kumanga galaja yosungiramo galimoto kuti isakwiririke ndi chipale chofewa. Nyumba yaikulu nthawi zambiri amamanga ndi akatswiri, ndipo maziko ake amakhala akuya. Koma zomanga zing'onozing'onozi eni nyumba ambiri amafuna kudzimangira okha Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mavuto amayambira pamenepo.

Tiyerekeze bambo wina amene watopa ndi kukumba. Lamulo likuti dzenje la mzati lifike masentimita 120, koma iye wafika pa 50, msana wauma, wati apa pakwana. Wathira konkire, waimika mizati, wakhoma matabwa, mbali imodzi ya khonde waimangirira kukhoma la nyumba ndi mabawuti. Khonde lakongola, anansi ayamikira.

Januwale akafika, mizati yakutali ndi nyumba ija imayamba kukwera. Nyumba siyenda chifukwa maziko ake ali pansi penipeni, choncho khonde limapendekera kunyumba. Chitseko chotulukira pakhonde chimayamba kukhula, kenako sichitsegukanso. Epulo akafika nthaka imasungunuka, mizati imatsika, koma siibwerera pamalo pake penipeni, chifukwa dothi lagwera kale m'mpata umene unatseguka pansi pake. Chaka chamawa imakweranso kuchokera pomwe inalekezera. Pakatha zaka zingapo mabawuti aja amayamba kuzuka, madzi a chipale chosungunuka amatsikira kukhoma ndi kuoletsa matabwa. Khonde lotere likhoza kugwa tsiku limene pakwera anthu ambiri, monga pa phwando. Ndipo kukonza kwake ndi kugwetsa zonse, kukumba masentimita 120 omwe aja, ndi kugulanso simenti kachiwiri.

Chimene chimanyamula nchiyani?

Ambiri amayankha kuti madzi akaundana amafufuma. Nzoona. Amene anaiwalapo botolo lodzaza madzi m'firiji ya pagolosale akudziwa kuti limaphulika. Madzi akasanduka ayezi amakula ndi magawo 9 pa 100 alionse. Koma tawerengani nane. Ngati nthaka yaundana kuya kwa mita imodzi, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a nthakayo ndi madzi, kufufumako kungakweze pamwamba ndi masentimita atatu okha. Chonsecho m'mayiko amenewa anthu amaona misewu ndi mizati itakwera masentimita 10, 15, pena kuposa. Nanga enawo achokera kuti?

Amene anamasula mfundo imeneyi ndi Stephen Taber, katswiri wa miyala ndi nthaka wa pa yunivesite ya South Carolina, m'zolemba zake za mu 1929 ndi 1930. Iye anatenga dothi, m'malo mwa madzi nathiramo mankhwala amadzimadzi otchedwa benzene, amene akaundana safufuma koma amachita kunyala. Ataziziritsa dothilo kuchokera pamwamba, linakwerabe. Apa zinaonekeratu kuti chonyamula si kufufuma kokha ayi. Katswiri wina wa ku Sweden, Gunnar Beskow, anafufuzanso zomwezi pa misewu ndi njanji za kwawo ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1935.

Zimene zimachitika nzakuti, pamalire a dothi loundana ndi losaundana pamabadwa kachigamba ka ayezi kogona chopingasa, kopyapyala ngati mbale. Kachigambako kamakoka madzi kuchokera pansi, monga momwe nthambo ya koloboyi imakokera palafini kuchokera m'botolo kupita kumoto. Madzi akafika amaundana, kachigamba kamanenepa, kamakokanso ena. Pansi sikangapite, choncho kamakankha chilichonse chili pamwamba pake. Kuzizira kukalowa pansi ndithu kamabadwa kachigamba kena, kenako kena, kusanjikizana. Ndiye kuti nthaka ikumwa madzi atsopano nyengo yonse yozizira, ndipo mphamvu yake njoti imang'amba msewu wa phula. Kulemera kwa khonde la matabwa ndi kanthu kachabe kwa iyo.

Kuti zimenezi zichitike pamafunika zinthu zitatu pamodzi: kuzizira kolowa pansi, madzi apafupi, ndi dothi lotha kukoka madzi. Mchenga wokhakhala ndi miyala sizikoka madzi chifukwa mipata yake ndi yaikulu. Dongo lenileni limakoka kwambiri koma madzi amayendamo pang'onopang'ono. Loopsa koposa ndi dothi lapakati, losalala ngati ufa woyera, longa lija limatsala m'mbali mwa mtsinje madzi osefukira akaphwa. Arthur Casagrande, injiniya wobadwira ku Ulaya amene anaphunzitsa ku Harvard, anapereka muyeso umene mainjiniya amautchulabe: dothi losakanikirana likakhala ndi tinthu tosalala kwambiri topitirira magawo atatu pa 100, lichenjereni. Ukachotsa chimodzi mwa zitatuzi, nthaka imakhala phee. Njira zonse za amisiri a kumeneko zimachokera pamenepa.

Kumba mpaka kumene chisanu sichifika

Njira yakale, imene ambiri amatsatabe, ndi kukumba mpaka kupitirira malire a chisanu, kuti phazi la maziko likhale pa dothi limene siliundana. Boma la dera lililonse limalemba kuya kwake m'malamulo a zomangamanga. Ku Minnesota anagawa chigawo pawiri: kummwera, kumene kuli mzinda wa Minneapolis, maziko afike masentimita 107, pamene kumpoto afike masentimita 152, ndiye kuti dzenje loti munthu wamkulu akalowamo kumaoneka mutu wokha. Ku Toronto, m'dziko la Canada, muyeso wodziwika ndi masentimita 120. Ku Florida, m'dziko lomwelo la United States koma kotentha, masentimita 30 amakwana.

Pali chinthu china chimene munthu sangachiganize msanga. Chisanu chimalowa kwambiri pansi pa chomanga chimene mulibe moto. Nyumba yokhalamo anthu imatenthetsedwa usana ndi usiku, ndipo kutentha kwina kumadutsa m'maziko kukafunditsa dothi. Khonde lilibe zimenezo. Nchifukwa chake ku Ottawa mainjiniya amawerengera masentimita 150 pa nyumba yotenthetsedwa, koma 180 pa chomanga chapanja. Chipale chofewa nachonso, ngakhale nchozizira, chimakhala ngati bulangete la nthaka. Pamene anthu amakolopa chipale tsiku ndi tsiku, monga panjira yolowera m'galaja, mpamene chisanu chimalowa kwambiri. Mu 2014 mzinda wa Winnipeg unaona zimenezi: nyengo yozizira inali yoopsa, chisanu chinapitirira mamita awiri pansi pa misewu, ndipo nyumba zoposa 2,000 zinakhala zopanda madzi chifukwa mipope yokwiriridwa pansi inaundana.

Munthu asanakumbe amayenera kuimba telefoni kuti abwere anthu odzaika zizindikiro pamene padutsa mawaya a magetsi ndi mipope ya gasi. Ku United States nambala yake ndi 811, ndipo inayamba kugwira ntchito m'dziko lonse mu 2007. Akamaliza kukumba saloledwa kuthira konkire mpaka woyendera zomangamanga atabwera kudzalowetsa tepi m'dzenje. Woyenderayo amayang'ananso pansi pa dzenje. Amafuna dothi lolimba limene silinagwedezedwepo, lopanda madzi, lopanda zofumbutuka zogwera kuchokera m'mbali. Dzenje likakwiriridwa palibenso angadziwe za pansi, nchifukwa chake amabwera lisanatsekedwe. Eni nyumba ena amadandaula kuti boma likuwachedwetsa, koma tsiku logulitsa nyumba ogula amafunsa chikalata cha woyenderayo.

Kukula kwa phazi kumatengera katundu ndi mtundu wa dothi. Khonde amaliwerengera kuti lisenze makilogalamu pafupifupi 200 pa sikweyamita iliyonse, osawerengera matabwa ake, ndipo kumene chipale chimagwa chambiri amawonjezera. Dongo lofewa limafuna phazi lotambalala kuposa miyala. Mzati umodzi wa konkire wa masentimita 30 m'mimba mwake ndi 120 m'litali umadya malita pafupifupi 85 a konkire, ndiye kuti matumba 6 kapena 7 a makilogalamu 30 a konkire yosakaniza kale imene amagulitsa m'masitolo a ku Canada. Khonde wamba limafuna mizati ingapo yotere. Mukuona chifukwa chake bambo uja analekezera pa 50.

Chisanu chimagwiranso m'mbali

Koma kuya kokha sikukwanira, ndipo apa mpamene ambiri amagwa. Dothi loundana limamatirira m'mbali mwa mzati wa konkire ngati ulimbo. Likamakwera limaukoka mzatiwo, monga mayi amazulira chinangwa atagwira tsinde, ngakhale phazi lake lili pansi pa malire a chisanu. Tsono dzenje lokumba ndi fosholo limakonda kukhala lalikulu kukamwa, laling'ono pansi. Ukathiramo konkire umapeza mzati wonga karoti, wonenepa pamwamba, wosongoka pansi, m'mbali muli tokhakhala. Palibe mzati wosavuta kuzula kuposa umenewo.

Amisiri odziwa amachita zosiyana. Amalowetsa m'dzenje chubu chachikulu cha katoni yolimba, chimene ambiri amangochitcha Sonotube potengera dzina la pamalonda, kuti m'mbali mwa konkire mukhale moterera, chisanu chisowe pogwira. Ena amakutiranso pulasitiki. Pansi amakulitsa phazi kuti lifanane ndi belu lapatchalitchi, kuti dothi losaundana lizilipsinja, likhale ngati nangula. Ndipo amaika ndodo zachitsulo kuchokera m'phazi mpaka pamwamba. Chifukwa chake nchakuti konkire imapirira kupsinjidwa koma siipirira kukokedwa. Popanda chitsulo, chisanu chikhoza kudula mzati pakati, phazi nkutsala pansi, thupi nkukwera. Pokwirira m'mbali amakonda mchenga kapena miyala yoswa, ndipo pamwamba amatsetsereketsa dothi kuti madzi a mvula athawe. Mtengo wa mzati saukwirira m'konkire. Amauika pa kachitsulo kokweza pang'ono kuti usanyowe nkuola.

Masiku ano ena sathiranso konkire nkomwe. Amabwera ndi kamakina kamene kamapotokola mzati wachitsulo wokhala ndi mapiko onga a sikuluu, kuulowetsa pansi mpaka wapitirira chisanu, ndipo tsiku lomwelo kalipentala amayamba kukhoma. Nzeru imeneyi si yatsopano. Anaiyambitsa ndi Alexander Mitchell, injiniya wa ku Ireland amene anali wosaona, ndipo anailembetsa mu 1833. Poyamba ankaigwiritsa ntchito poimika nsanja za nyali zounikira sitima pa mchenga wa m'nyanja.

Konkire nayo imaopa kuzizira

Anthu ambiri, ngakhale kuno kwathu, amaganiza kuti konkire imalimba chifukwa chouma. Ayi. Simenti amalimba chifukwa akulumikizana ndi madzi, ndipo ntchito imeneyi imatenga masiku. Amisiri amayeza mphamvu yake pa tsiku la 28. Kukazizira kufika madigiri 5 ntchitoyi imayenda ngati nkhono. Madzi a m'konkire yatsopano akaundana usiku woyamba kapena wachiwiri, isanagwire, ikhoza kutaya pafupifupi theka la mphamvu yake, ndipo siibwereranso. Pamaso imaoneka yabwinobwino, koma pakapita nyengo imayamba kufumbutuka.

Choncho omanga m'miyezi yozizira amasakaniza ndi madzi ofunda, amathira mankhwala ofulumizitsa kulimba, ndipo akangothira amafunditsa ndi mabulangete apadera masiku angapo. Pa ntchito zazikulu amamanga chitenti nkuyatsamo zotenthetsera. Lamulo losasweka ndi lakuti konkire saithira pa dothi loundana, pakuti dothilo lafufuma kale, ndipo likadzasungunuka maziko adzatsika nalo. Ambiri amangothamangira kumaliza maenje mu Okutobala, kapena kudikira Meyi.

Ngakhale konkire yokhwima imavutika, chifukwa imamwa madzi pang'ono, madziwo nkumaundana ndi kusungunuka kambirimbiri pa chaka. Mankhwala ake anapezeka ku United States m'zaka za m'ma 1930: kuthira chinthu chopangitsa tithovu ta mpweya tosaoneka ndi maso m'konkire monse, pafupifupi magawo 5 mpaka 7 pa 100. Madzi akamafufuma amathawira m'tithovumo m'malo mong'amba. Pansi pa galaja pamafunika konkire yotere, makamaka chifukwa galimoto imabwera ndi mchere umene amawaza m'misewu kuti asungunule ayezi, ndipo mcherewo umadya konkire ndi zitsulo zomwe.

Galaja ndi chipinda chowonjezera

Galaja yaing'ono yoima payokha malamulo a madera ambiri amailola kukhala pa chipaka chimodzi cha konkire, chonenepa m'mphepete, chogona pa miyala yoswa yotsendera bwino. Imakwera yonse ndi kutsika yonse ngati bwato, ndipo palibe chimang'ambika. Koma chilichonse cholumikizidwa kunyumba chiyenera kukhala ndi maziko osayenda ngati a nyumbayo. Zinthu ziwiri zomangiriridwa pamodzi, china choyenda china chosayenda, zimalekana basi, ndipo mng'alu umatulukira pa msoko.

Anthu a ku Norway, Sweden ndi Finland anapeza njira ina yopewera kukumba. M'malo mothawa chisanu, amachitchinga. Amakumba maziko osaya, a masentimita 40 kapena cha pamenepo, kenako amamata m'mbali ndi kuyala m'nthaka mozungulira nyumba mapepala okhuthala a chinthu chopepuka chija amatetezera nacho wailesi yatsopano m'katoni, koma cholimbirapo. Kutentha kochokera m'nyumba ndi kochokera pansi pa dziko kumatsekeredwa, dothi la pansi pa maziko siliundana. M'makona amayala motambalala chifukwa mpomwe kutentha kumathawira kwambiri. Ku Norway anafufuza njirayi mozama m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku United States bungwe la mainjiniya la ASCE linatulutsa malamulo ake mu 2001. Kumpoto kwenikweni, monga mumzinda wa Yakutsk ku Russia, nthaka siisungunuka konse pansi pake, choncho kumeneko vuto limatembenuka: nyumba amaziimika pa mizati kuti mphepo idutse pansi, kuopa kuti kutentha kwa nyumba kungasungunule ayezi amene aisenza.

Nanga makande athu?

Wina afunsa kuti, nanga ife a kuno, kumene nthaka siundana, tipindulanji? Malire a chisanu ife tilibe, ndipo palibe chifukwa chokumbira masentimita 150 poopa Juni. Koma nthaka yoyenda tili nayo. Makande akuda a m'mphepete mwa madambo amafufuma akamwa mvula ya dzinja, ndipo m'chilimwe amanyala mpaka kung'ambika ming'alu yoti dzanja nkulowa. Choyambitsa nchosiyana, koma zotsatira zake pa khoma nzofanana, ndipo a ku Winnipeg aja amalimbana nazo zonse ziwiri, pakuti mzinda wawo uli pa dongo lotere lomwe linatsala pamene nyanja yakale inaphwa.

Tayendani m'mudzi muyang'ane nyumba za njerwa zowotcha zimene eni ake anawonjezerako khitchini kapena khonde atagulitsa kachewere kapena fodya. Nthawi zambiri mng'alu uli pomwe chatsopano chikumana ndi chakale. Nyumba yaikulu anaikumbira mpaka pa dothi lolimba, koma chowonjezeracho anangopalapo pang'ono chifukwa ndalama zinali zitatsala zochepa. Kenako madzi a padenga la malata amagwera m'tsinde mwenimweni mwa khoma, mbali imodzi nkunyowa, ina nkukhala youma. Mmisiri wa ku Minnesota ataona zimenezo akhoza kunena zomwe amanena kwawo: maziko a chowonjezera afike pomwe anafika a nyumba, pansi pa ngalande pakhale dothi losagwedezedwa, ndipo madzi a padenga atengeredwe kutali ndi khoma. Ndipo amene akuthira konkire ku Dómuè kapena ku Tsangano mu Julaye, athire m'mawa dzuwa litatuluka, aziiwaza madzi kwa mlungu wathunthu, ndipo usiku aziifunditsa masaka kapena udzu.